Kompyuta ya m'bwato la amuna anga

Sindine munthu wosamala za maloto, koma awa andisowetsa mtendere masiku atatu.

Ndinalota ndili m'bwato la thanga lija amuna anga ankayendetsera alendo asanamire. Dzuwa linali paliwombo, thanga litafufuma, koma mphepo sindinkaimva pakhungu. Kumapazi kwanga kunali chimanga chonyowa m'malo mwa matabwa. Alamu anga, amene anali nawo limodzi tsiku la ngozi, anakhala kuchiwongolero atafungatira kompyuta ija yosonyeza njira. Pagalasi pake panali kamzere kofiira kotsata monse mmene bwato ladutsa. Kanafika pena n'kuima, kenako kanatembenuka n'kuthawa.

Ndinati, "Alamu, apa munaimiranji?"

Iwo anati, "Mlamu, izi n'za anthu ophunzira," n'kutseka chivundikiro.

M'katimo ndinamva amuna anga akukhosomola monga ankachitira m'mawa. Ndinafuna kutsegula, koma zala zanga zinali zitafewa ngati phala.

Ndinadzuka m'kamwa muli mchere, chonsecho madzi a nyanja yathu alibe mchere.

Kumasulira maloto sindidziwa. Ndimangokumbukira kuti malemu ankati kompyutayo siiwala njira, ndiponso kuti pa maliro alamu anauza anthu kuti inanyowa n'kuferatu.

Dzulo ndinapita kwa alamuwo kukabwereka sefa. Ana awo anali pakhonde, akuonera filimu pa kompyuta yomweyo, yokhala ndi chithunzi cha nsomba chimene malemu anamata okha. Alamu atandiona anaitseka msanga, n'kundifunsa ngati ndagona bwino.