Chirombo cha pa Sitampa

Ku Chowa, komboni ya m'tauni ya Kabwe, kunalibe munthu wosadziwa kuti Weston Chimphepo amakonda masitampa kuposa ndiwo. Bambo wamkulu ndithu, kalaliki wa kunjanji, koma akaona envulopu yakale m'dzala amaiwala ulemu wake. Sitampa sankaigwira ndi zala, ankaipana ndi kachitsulo. Mwana wake Abigail akasuzumira pafupi, ankamuuza kuti akapumire kwina.

Chuma chake chenicheni chinali mzere wa masitampa oyamba a Zambia, amene anawagula dziko litangolandira ufulu, tauni ikutchedwabe Broken Hill. Panali mlimi wa chimanga, mayi wothyola thonje, ng'ombe ya Angoni, asodzi. Koma pamene mtima wa Weston unagona panali pa kasitampa kamodzi kojambulidwa chirombo cha nyau chili pakati pa gule.

Chifukwa chake chinalipo. Atate ake, a Saulos, anachokera ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito kumgodi. Ku komboni ndiwo ankasamalira zirombo, tisanene zambiri poti si tonse tinameta. Bwana wa komboni anawakwapulitsa pagulu chifukwa cha gule, ku tchalitchi nakonso anawatsekera khomo. Kuyambira pamenepo mwendo wawo sunatukulenso fumbi. Tsopano anali atakalamba, maso akuchita nkhungu, ndipo Weston ankafuna chinthu chimodzi: atate ake aone, maso asanatheretu, chirombo chawo chikulemekezedwa pamaso pa anthu.

Mpata unapezeka pokondwerera zaka khumi za ufulu, pamene a parishi anakonza chionetsero m'holo yawo. Weston anayala masitampa pa thabwa lokutidwa ndi nsalu yakuda, nalinyamula ngati wanyamula mazira. A Saulos ankabwera pambuyo ndi ndodo yawo, atawagwira mkono Felistas, mkazi wa Weston, mwana wa ku Chipata, Mkatolika wa korona m'khosi, amene kasitampa kameneko sankafuna n'kukayang'ana komwe.

Pakhomo panaima a Mathias, akatekisiti, amene ankayang'anira zonse zolowa. Anawerama n'kuyenda ndi maso pamzere, kenaka nkhope inachita tsinya.

"Ba Weston, zonse zili chabe bwino, koma aka chotsani. Chinthu ca kumanda sicingangene mu holo ya mpingo."

"Ni sitampa ya boma, ba katekisiti. Na bambo mfumu amainyambita potuma makalata."

"Awe. Kunyambita ni kwina, kuonetsa ni kwina. Chotsani, olo mubwelele nazo."

Weston anamva kutentha m'makutu. Anthu a ku Highridge, dera la olemera, anali kutsika m'magalimoto, ndipo mkati munali tebulo lomuyembekezera, dzina lake litalembedwa bwinobwino. Kachitsulo kanali m'thumba. Kuchotsa kasitampa kamodzi inali ntchito ya kuphethira kwa diso. Anatembenuka n'kuona atate ake atazyolika, monga munthu wozolowera kubwezedwa pakhomo. Zimenezo ndizo zinamupweteka koposa.

"Ngati aka sikangena, na mlimi sangena, na ng'ombe singena," anatero. "Anabwela pamodzi aba."

Anapita pansi pa mtengo wa mango umene unali pabwalo, natsamiritsa thabwa pa mpando. Felistas anamunong'oneza kuti, "Bake Abigail, mutichititsa manyazi."

Koma Kabwe ndi Kabwe, chinthu choletsedwa ndiye chimakoma. Mbiri itangomveka kuti pali sitampa imene yakanizidwa, anthu anayamba kutuluka m'holo mmodzimmodzi, kusiya maungu akuluakulu ndi nsalu zoluka. Ababemba ankafunsa kuti ninshi, ndiye kuti n'chiyani, Alenje akukankhana, ana a sukulu akupyola m'miyendo ya akulu. Weston anaima chilili, nafotokoza sitampa iliyonse ndi mawu okweza: iyi n'njosowa chifukwa chakuti, iyi mano ake a m'mphepete ali onse, iyi chidindo chake chikunenabe Broken Hill. Atafika pa chirombo anatulutsa galasi lokulitsira zinthu.

"Atate, bwerani muone. Dziko linasankha lokha zoti anthu akunja azitidziwira. Ichi chinapita ku Ulaya, ku India, kulikonse."

A Saulos anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anafunsa motsitsa, "Pansipa alembapo chiyani?"

"Pamenepo ndi dzina la dziko, atate. Zambia."

Mkuluyo anaweramuka pang'onopang'ono. Ndodo inagwa, osaitola. Phazi lamanja linayamba kupalasa pansi, lamanzere n'kuyankha. Thupi linali lokalamba, koma miyendo inali isanaiwale kanthu.

Gule wopanda nyimbo ndi wamasiye. Weston anayang'ana uku ndi uku, kusowa womuthandiza. Ndiye kumbuyo kwake kunamveka kuwomba m'manja, ndi mawu a mkazi akuyambitsa nyimbo ya kumudzi. Anali Felistas, korona ikugwedezeka pachifuwa. Kani nyimbozo ankazidziwa chikhalire! Amayi ena a ku Katete ndi ku Chadiza anapolokeza, ena a iwo atavala nsalu za mpingo. A Mathias anaima pakhomo la holo yopanda anthu, manja ali m'chiuno.

Fumbi la Okutobala linakwera, lofiira, n'kuyamba kutera pa nsalu yakuda. Abigail anathamanga atavula juzi yake kuti aphimbe thabwa, podziwa mmene atate ake amachitira ndi mpweya womwe.

Weston anamugwira dzanja. Misozi inali ikutsika, koma chifuwa chili patsogolo.

"Leka, mwanangu," anatero. "Fumbi limeneli ndi lake chirombochi."