Kachikopa M'nsapato ya Kumanzere

Mmisiri wosoka nsapato pakhonde la sitolo ya mankhwala ankadziwa anthu ndi zidendene zawo. Nkhope ankaiwala, koma nsapato ikangofika m'manja mwake ankadziwa mmene mwini wake amapondera.

Nsapato za mayi ena, aphunzitsi a pasukulu ya kumtunda, zinkatha mbali imodzi. Ya kumanzere inkadyeka chamkati, ngati phazi likugwa pang'onopang'ono. Tsiku lina, osawauza, anadula kachikopa kokhuthala mbali imodzi n'kukamata pansi pa kansalu ka m'kati. Sabata yotsatira anawaona akudutsa osatsimphina. Kuyambira pamenepo, nsapato iliyonse yatsopano inkayamba yafika kwa iye.

"Kaya mumazitani, Amisiri," ankatero mayiwo, "koma zikachoka kwa inu zimandimvera."

Iye ankangoweramira singano yake. Zinatero zaka zinayi.

Lachiwiri lina aphunzitsi anafika ndi chikwama chachikulu n'kukhala pabenchi.

"Ndachokera kuchipatala. Phazi lija lagweratu, akuti mtsempha umene umaligwira pakati unatopa kalekale. Lachisanu adula fupa la chidendene, alisunthira chamkati, n'kulimanga ndi misomali yachitsulo."

"Fupa la munthu amadula ngati thabwa?"

"Inu simudula zikopa? Aliyense ndi mpeni wake."

Anatulutsa nsapato ya kumanzere, kansalu kake katasendedwa. Kachikopa kaja kanali poyera, katada ndi thukuta.

"Adokotala ndi amene apeza aka. Andifunsa kuti anakuikirani ndani, ine kukamwa yasaa, munthu wophunzitsa ana a eni."

Mmisiri anaika singano pansi. "Ndinalakwa?"

"Akuti amene anakaika ntchito amaidziwa. Akutinso n'chifukwa chake ndachedwa kupita. Ululu unabisala, phazi likuwonongekabe."

Mawuwo anamukhala pamtima ngati mwala. Zaka zonsezi ankati akuthandiza.

"Bwanji simunandiuze, Amisiri?"

Anayang'ana nyundo, anayang'ana chitini cha guluu, bodza osalipeza.

"Mukanadziwa, wosoka aliyense akanakuikirani. Kuno simukanabweranso."

Galimoto inadutsa, fumbi linakwera n'kutsika. Aphunzitsi sanaseke, sanakwiyenso. Anakhuthula chikwama chija pansi: mapeyala asanu ndi awiri.

"Akuti chidendene chikawongoka, zikopazi zizindipendeketsa. Zonse zichoke."

Inali ntchito ya masana amodzi. Ikatha, mayiwo azidzaponda mowongoka, nsapato zawo zizidzatha bwinobwino ngati za wina aliyense, ndipo azidzangodutsa kutsidya kwa msewu, mwina n'kukweza dzanja. Anadziuza kuti ayenera kukondwera nazo. Mtima unakana.

"Mawa masana mudzazipeza zatha," anatero.

"Akuthamangitsani ndani?" Aphunzitsi anadzuka atagwira chipilala cha khonde. "Milungu isanu ndi umodzi ndikhala m'chikhakha, phazi osaponda pansi. Kenako ndodo. Nsapato ndizivala kuti? Muzibweretsa kunyumba, peyala imodzi pa sabata. Ndipo chilichonse mwachita m'katimo muzindiuza, zobisa ndatopa nazo."

"Kunyumba kwanu sindikudziwa."

"Bodza limenelo."

Mmisiri anaseka chamumtima, maso ali pansi.

"Mchemwali wanga ndiye adzandisamalire," anawonjezera mayiwo akutsika pakhonde. "Ndi wamafunso ngati wapolisi. Mudzabwere mutavala malaya abwino."

Anawayang'ana akupita, phazi la kumanzere likugwera mkati mpaka anakhota pakona. Kenako anatola nsapato imodzi, naika nsonga ya mpeni pansi pa kansalu, n'kuyamba kusenda mosafulumira.