Tepi ya m'chigafa

Dewey Tarpley sankaimba. Iye zake zinali ng'oma, kumbuyo kwa anzake, ndipo pa zimbale zonse za gulu lawo mawu ake munalibe. Basi yawo itagubuduzika pamsewu wa ku Valdosta, Dewey n'kufera pomwepo, mkazi wake Lurleen anatsala ndi tepi imodzi ya nyimbo yoyeserera, imene anyamatawo anajambulira m'chigafa cha fodya asanatchuke. Nyimboyo analibe nayo ntchito. Chake chinali koyambirira, pamene Dewey amamveka akuseka: "Iwe Lurleen, tseka chitseko, galu wakoyu atidyera nthambo!"

Anaimvera mpaka tepi inayamba kumata. Poopa kuidula, anaitsekera m'kabati.

Tsitsi litachita imvi, kunabwera Hoyt, woimba wa gululo, mimba patsogolo, chipewa m'manja ngati wofika pamaliro.

"Mlamu, anthu akuifuna nyimbo ija. Tepi yakale amaitenthetsa mu uvuni, n'kuiliza kamodzi, n'kukopera. Ikatero yatha, koma zonse zimatsala pa chimbale."

"Zonse, alamu?"

"Zonse. Ndinayamba ndakunamizani ine?"

"Ndiwerenge?"

Komabe anaipereka. Akanatani, poti m'kabatimo Dewey anali chete?

Chimbale chinafika masana ena otentha. Lurleen anazimitsa fani, n'kukhala pansi manja ali pamaondo. Gitala inayamba pomwepo, yoyera mbee. Anabweza. Gitala yomweyo. Anabwezanso, kenako anaimbira foni Hoyt.

"Dewey ali kuti?"

"Simukuzimva ng'omazo? Anyamata a kukampani yojambula nyimbo aikonza bwino, zinyalala zonse achotsa."

"Zinyalala?"

"Phokoso la koyambirira lija, za galu, kaya chiyani. Pa wailesi sangaike zimenezo, mlamu."

"Zimene anachotsazo asunga kuti?"

Hoyt anatsokomola, n'kunena kuti afunsa. Anthu a nyimbo akati afunsa, iwalani. Kampani inabweza tepi ija m'kabokosi kokongola, itayoyoka yonse, fumbi lofiirira lokhalokha.

Nyimboyo inavuta pa wailesi chilimwe chonse. M'sitolo anthu ankamugwira chanza Lurleen, ati mwamuna wake wauka kwa akufa. Zinkamuwawa koopsa, koma ankangogwedeza mutu.

Tsiku lina akutsuka mbale anayesa kunena yekha mawu aja monga ankawanenera Dewey. Anafika pa "Iwe Lurleen", n'kuima. Kodi kuseka kuja kunkabwera asanatchule dzina, kapena atatchula? Anatseka mpopi, n'kuyesanso. Sanakumbukire, ndipo womufunsa panalibe.