Kwathu Kulibe

A Yoswa anagwira ntchito mumgodi wa pulatinamu zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo akapitawo ankangowakalipira kuti, "Tshetsha, madala!" Kuwauza kuti afulumire. Mutu wawo unkagwira zinthu mochedwa, koma ukagwira wagwira basi.

Koma mwana wawo Lucius atayamba kudwala, mwezi uno osagona, kulongolola ngati wailesi, mwezi winawo kudzitsekera m'chipinda osadya, aa, a Yoswa sanachedwe kupeza wolakwa.

"Misala imeneyi ndi yakwanu," anawauza akazi awo, a Jestina. "Kwathu kulibe!"

Anawakweza basi kubwerera ku Ntcheu. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha, ngakhale foni osawaimbira. Nkhanzatu zimenezo.

Lachiwiri lina anamuperekeza Lucius kukatenga mankhwala kukiliniki ku Tlhabane, tauni ya pafupi ndi mgodiwo. Namwino wochita kafukufuku anapempha kuti bambo ndi mwana onse ayesedwe. Anawapatsa pepala: nambala iliyonse inali ndi kachizindikiro kake, iwo azilemba chizindikiro choyenera pansi pa nambala iliyonse mofulumira kwa mphindi ziwiri.

"Za ana a sukulu izi," anaseka a Yoswa.

Nthawi itakwana, thukuta linali kamukamu. Lucius anali atalemba mizere itatu, iwo iwiri yokha.

"Ukalamba uwu," anadziteteza.

"Ngakhale pakati pa amsinkhu wanu mwatsalira, bambo," anatero namwino. "Simukudwala ayi. Koma kuchedwa kotereku timakuona mwa odwala matendawa, komanso mwa abale awo ena omwe sadwala. Kwanu kunalibe wovutika ngati Luciusyu?"

A Yoswa anatsegula pakamwa kuti akane, koma anawakumbukira atate awo aang'ono, a Redson, amene ankalima minda itatu sabata imodzi akuimba, kenako n'kugona dzinja lonse atayang'ana kukhoma. Pamudzi ankati anawalodza.

Manyazi anawagwira, chisoninso. Atatuluka sanapite pokwerera matakisi. Anakhala pansi pampanda.

"Nambala ya amayi ako uli nayo?"

"Ndimawaimbira Lamlungu lililonse," anayankha Lucius, n'kuwapatsa foni ikuitana kale.

"Lucius, mwanangu?" anamveka mawu a Jestina.

"Ndine... Yoswa."

Mawu ena anakana kutuluka. Misozi inkangogwera pamalaya.

"Musathamange," anatero a Jestina. "Ndadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Yankhulani, ndikumva."