Nyimbo ya Sopo wa Mbee

Jasper Mkandawire anakhala pabenchi ya kupolisi kuyambira m'mawa, gitala ili pamiyendo, chifunga cha Mzuzu chikulowera pazenera losweka. Anangomuuza kuti abwere nayo gitalayo. Chifukwa chake sanamuuze, koma iye ankachidziwa.

Zaka ziwiri m'mbuyomo anapeka kanyimbo kotsatsa sopo wa Mbee, ndipo wailesi inkakaulutsa katatu pa tsiku. Kanali kothamanga, kokwera mawu, kosakwana ndi mphindi yomwe: "Chapani, chapani, litsiro lichoke, mawa kuyera mbee." Ana ankakavinira popita kusukulu. Chimene eni sopo sankadziwa n'chakuti chuni chake sichinali chatsopano. Inali nyimbo yachisoni imene mlongo wake Dinah ankaimba posinja ali mtsikana. Jasper anangoifulumizitsa, n'kuikweza kiyi, n'kuiveka mawu a Chichewa.

Lachiwiri lapitalo, ku Mzilawaingwe kunali maliro a mwamuna wa Dinah, mphunzitsi Frackson, amene apolisi anamutenga akuyenda yekha n'kumubweza m'bokosi lokhoma kale. Abale analetsedwa kulitsegula. Abusa anafupikitsa ulaliki. Dothi litayamba kugwera pabokosi, Dinah anayamba kanyimbo ka sopo kaja, motsitsa, pang'onopang'ono, mmene kanabadwira. Amayi onse anavomera. Panalibe amene ankaganiza za sopo.

Dzuwa lili pamutu anamulowetsa Jasper muofesi ya Bwana Macpherson Kalumbu, wapolisi wovala zawamba wochokera kuchigawo chapakati, munthu wolankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo.

"Taimbani mmene imamvekera pa wailesi," anatero bwanayo.

Jasper anaimba. Bwanayo ankagwedeza phazi.

"Yokoma ndithu. Mkazi wanga amaikonda. Tsopano imbani mmene inamvekera kumanda."

"Ndi nyimbo yomweyo, bwana. Mawu ake sanasinthe. Boma linavomereza, chidindo chilipo."

"Chilipodi. Koma chinadindidwa pa nyimbo yothamanga." Bwanayo anatsamira patebulo. "Ikamathamanga, litsiro limakhala la pakolala. Nanga ikachedwa, pamanda a munthu ngati uja, litsirolo limakhala ndani, a Mkandawire?"

Jasper anayang'ana nsambo za gitala yake.

"Inu sitikukufunani. Mutiuze amene anayambitsa, muzipita."

M'mawa uja mkazi wake Eness, amene anali ndi pakati, anamugwira malaya pakhomo. "Mukangoti simukudziwa, dada. Chonde chomene." Koma akati sakudziwa, apolisi akafunsa ena, ndipo pa anthu mazana awiri amene anali kumanda sipangalephere kupezeka mmodzi wamantha. Dinah anali ndi ana anayi, wotsiriza akadali kubere. Komanso nyimboyo anaitenga ndi iye Jasper, n'kuipatsa mawu amene tsopano asanduka msampha. Mlongo wake anangoibwezera mwakale.

"Ndinayambitsa ndine."

Bwanayo anatsegula fayilo. "Mboni zathu zitatu zikuti anali mawu a mzimayi."

Jasper anasuntha zala, n'kugwira kiyi yakale ija, yolira. Anaimba ndi mawu aang'ono apamwamba amene anasiya kuwagwiritsa ntchito atachoka m'kwaya ya ana. Anaikoka nyimboyo mmene Dinah ankaikokera, liwu lililonse likudikira kuti linzake lithe. Mawu ankanjenjemera, koma sanaduke. M'chipinda choyandikana, taipi imene inkagogoda inaleka.

Atamaliza, Bwana Kalumbu anamuyang'ana. Nkhope yake inkaonetsa kuti sanakhulupirire ngakhale pang'ono. Anatenga cholembera, n'kuchigwira osalemba.

"Mayi amasiye aja ndi mlongo wanu?"

"Inde, bwana."

"Mukudziwa kumene mukupita?"

"Ndikudziwa."

Bwanayo analemba dzina limodzi lokha, n'kutseka fayiloyo.

"Vulani lamba ndi nsapato. Gitala isiyeni pakona apo."

"Yewo, bwana," anatero Jasper, ndipo anadabwa kumva kuti akuthokozadi kuchokera mumtima.

Masana omwewo anamukweza kumbuyo kwa landirova. Podutsa pafupi ndi msika, anaona Dinah m'mbali mwa msewu, atavala nsalu yakuda, mwana kumsana, dengu la tomato pamutu, akudikira kuti galimotoyo idutse awoloke. Jasper anaweramitsa mutu pakati pa mawondo, ndipo sanaudzutse mpaka nyumba zomaliza za tauni zitatsala m'mbuyo.