Nsonga za Mbande za Amayi

"Iwe Mzime! Chotsa dzanja pamenepo!"

Mzime anadzidzimuka, kansonga kobiriwira kali kale pakati pa zala. Bambo ake anali ataima pakhomo, shati yosasita, mabatani atasemphana. Chiikireni maliro a mayi ake sabata yatha, aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu.

"Ababa, ndikungotsina nsonga."

"Ukuthyola. Ndakuona ndi maso angawa."

Khonde lonse linali lodzaza ndi ntchito ya malemu: mathireyi a mazira othiramo dothi, zitini za penti zoboola pansi, miphika yong'aluka yomanga ndi waya. Mayi ake anafesa njere za maluwazo asanawagoneke m'chipatala, ndipo zinamera eni ake kulibe. Tsopano mbandezo zinali zitangothamangira kumwamba, zoonda ngati miyendo ya udzudzu, zina zitanyamula kale timaluwa tosamasula.

Azakhali anatulukira, kapu ya tiyi ili m'manja. Azakhali amenewa, ndikuuzeni inu, anabwera ndi kachikwama kogonera usiku umodzi, koma nsapato zawo zinali zitamera mizu pansi pa bedi la Mzime. Ndipo mkangano sunkawapita, ngakhale atakhala kubafa.

"Achimwene, ine ndinanena kale. Zitinizi tipatse aneba. Alendo akusowa pokhala."

"Mlendo mwatsala ndinu nokha," anang'ung'udza Mzime.

"Wati chani?"

"Ndati tiyi wanu akuzizira."

Bambo sanaseke. Anakoka kampando n'kukhala pafupi ndi thireyi yakumapeto.

"Palibe chichoke pano, palibenso akhudze." Analoza kaduwa kamene kanali katayamba kuonetsa kufiira. "Aka kamasula mawa kapena mkuja. Ndi zomaliza kufesa iye. Ndikaone kaye."

Mzime anayang'ana kaduwako. Ngati iye sankafuna kukaona! Koma anakulira pakhonde pomwepa, atanjuta pambali pa mayi ake, ndipo ankadziwa mathero a mbande yolekerera.

"Ababa, mukakasiya kamasula kamodzi komweko, kenako tsinde ligwa, basi zathera pomwepo. Mukatsina pamwamba pa masamba awa, m'mbalimu mumaphuka nthambi. Chimawirira, maluwa mbwee mphika wonse. Amama akanakhalapo bwenzi atatsina kalekale."

"Akanakhalapo," anatero bambo, chapansipansi.

Ngakhale azakhali, amene pakamwa pawo sipadziwa tchuthi, anayang'ana m'kapu mwawo n'kulowa m'nyumba.

Mbande ina inali itagona kale pamlomo wa chitini. Bambo anaidzutsa ndi chala. Atachotsa chalacho inagwanso. Anaidzutsanso, inagwanso. Mzime anayang'ana kumbali, chifukwa umu ndi momwe ankawadzutsira mayi ake pabedi masiku otsiriza aja, kuwatsamiritsa pilo, iwo n'kutsetserekanso.

"Tikatsina, ndidikira mpaka liti?"

"Masabata angapo, ababa."

"Kudikirako ndiye ndinakuphunzira bwino kuchipatala." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Tandionetsa."

Mzime anawagwira chala n'kuchiika pamwamba pa masamba awiri. Zala za makaniko, inu, zikhadabo zakuda ndi oyilo wosachoka, zozolowera kulimbana ndi mabawuti, koma apa zinagwira kansongako mosamala. Anayamba ndi kaduwa kofiira kaja. Kanangoti thyo, kosamveka n'komwe. Bambo anatseka maso, misozi n'kutsikira m'ndevu zosameta.

Anatsina thireyi yonse, kenako zitini. Mbande zinatsala zazifupi, zometeka, zomvetsa chisoni. Mzime anasonkhanitsa nsongazo kuti akataye kudzala, koma bambo anamugwira pamkono.

"Ukupita nazo kuti?"

"Kokataya."

"Amayi ako sankataya izi."

"Ndinkawaona akuika m'thumba la epuloni. Ndimayesa ankataya pambuyo pake."

Bambo anapukusa mutu. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi kakapu kothyoka chogwirira, muli madzi pang'ono. Anatola nsongazo imodziimodzi, kuziimika m'madzimo mosamala kuti masamba asamire.

"Ankaziika pawindo la kuchipinda kwathu. Ine ndinkamuseka kuti akulera zinyalala. Iye ankati, 'Zisiyeni abambo, nazonso zinayesetsa kukula.'"

Ananyamula kakapuko ndi manja awiri, akuyenda pang'onopang'ono kuti madzi asatayike, ndipo Mzime anatsogola kukawatsegulira chitseko.