Cholembera cha Bambo Anga

"Ichinso ayi," anatero bambo, akukankhira kumbali cholembera chachitatu ndi dzanja lamanzere. "Chopepuka ngati udzu. Mukundiyesa mwana wa sitandade wani?"

A Mastan, eni sitoloyo, anaseka mpaka kutsokomola. Kalekale anali mwana wa sukulu wa bambo, ndipo ngakhale imvi zinali mbuu, ankaimirirabe akamayankhula nawo.

"Aphunzitsi, matenda aja lilime lokha analisiya ndithu!"

Tinali m'kasitolo kawo kopanikiza, mumsewu wa msika ku Rajahmundry. Panali patatha miyezi isanu chigwereni bambo m'bafa ndi matenda opha ziwalo. Mwendo unatsitsimukako, koma dzanja lamanja linkangonjenjemera. Wowasambitsa, wowadyetsa, wowatembenuza pabedi ndinali ine. Ndinabwerera m'nyumba mwawo mwamuna wanga atamwalira, zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, ndipo mayi atatisiya ndinangotsala nawo awiriwiri.

Nzeru ya cholembera inachokera kwa mlongo wanga wamng'ono, Bhaskar, amene ankagwira ntchito ku Hyderabad. Anaimba foni tsiku lina m'mawa.

"Achemwali, ndamva kuti kulemba kumadzutsa dzanja. Mukawagulire cholembera cha inki, chija amachikonda. Chikhale chonenepa, chogwirika bwino."

Ndinakondwa. Ndinkati mwanayu wayamba kukumbukira kuti ali ndi bambo.

A Mastan anatulutsa china chonyezimira m'kabati yagalasi, chochokera kunja. Atatchula mtengo wake, bambo anatsonya.

"Chimenecho n'cha anthu osalemba, ongokoleka pathumba kuti anthu awaone."

A Mastan anayang'ana kachikwama kanga kothaitha, kenako anawerama n'kukoka dilowa ya pansi. Anatulutsa chakuda, chopanda chokongoletsa chilichonse, chonenepa ngati chala chachikulu.

"Ichi chapangidwa konkuno, ndi mmisiri wa kuseri kwa msikaku. Ndi labala wouma. Marupi mazana asanu ndi limodzi basi. Chigwe pansi, chilembabe. Inki mukathira kamodzi, mwezi wathunthu. Nsonga ikatha bwerani, ndidzaikamo ina. Vuto lake ndi limodzi: chimanunkha ngati tayala lopsa."

"Nanga ine ndimanunkhira maluwa?" anatero bambo.

Anachitenga. Zala zawo, zimene zinkalephera kugwira supuni, zinachikumbatira n'kukhazikika. Anakoka mzere papepala, wokhotakhota ngati njira ya nyerere, koma unali mzere. Anauyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinatembenukira kukhoma kuti a Mastan asaone misozi yanga. Ndinalipira ndi ndalama za mabulauzi amene ndinasokera akazi a m'dera lathu.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse tikamwa khofi tinkakhala pakhonde. Ndinkaika dzanja langa pamwamba pa lawo n'kumaliyendetsa. Tinayamba ndi timizere tozungulira, poti zilembo zathu za Chitelugu n'zozungulira zokhazokha. Inki inatayikira pa masari anga awiri, nsalu zathu zovala akazi. Masiku ena ankaponya cholemberacho pansi mokwiya, ine n'kutola, ndipo a Mastan sananame: chinkalembabe.

"Tilembe ndakatulo zija munkaphunzitsa," ndinawauza tsiku lina. "Kapena mayina a zidzukulu zanu."

"Dzina langa kaye."

Dzina lawo lokha, tsamba ndi tsamba, masabata asanu ndi limodzi. Kenako m'mawa wina anati ndichotse dzanja langa. Anasaina okha, nandituma kukatenga satifiketi yakale ya mwana wa sukulu imene anasainapo ali hedimasitala. Tinaziika moyandikana. Zinali zofanana, mpaka kamchira kokwera ka kumapeto.

Ndinaimbira Bhaskar ndikuseka ngati kamtsikana.

"Jambulani munditumizire," anatero.

Ndinatumiza. Loweruka lomwelo anafika.

Sanabwere yekha. Anali ndi loya wonenepa wonyamula chikwama, ndi amuna ena awiri amene sindinkawadziwa.

"Achemwali, khofi wa alendo," anatero asanavule n'komwe nsapato.

Nditabwera ndi thireyi, ndinapeza bambo atavala malaya awo oyera, amene anavala okha popanda kundiitana. Patebulo panali mapepala, ndipo anali akumaliza kusaina tsamba lomaliza, pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano monga ankachitira pakhonde. Amuna awiri aja anasaina pansi pake ngati mboni.

Loya uja analandira kapu n'kundimwetulira mwaulemu. Ankaganiza kuti ndikudziwa zonse.

"Mayi, mwagwira ntchito yotamandika. Mukudziwa, wilo ya munthu wodwala ikakhala ndi chidindo cha chala, abale amakaitsutsa kukhoti, amati anam'gwira dzanja. Koma siginecha ngati iyi? Palibe angaigwedeze. Ndinawauza a Bhaskar kuti tidikire mpaka dzanja libwerere."

"Wilo ya chiyani?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anayang'ana Bhaskar. Ine ndinaika thireyi pansi n'kutenga pepala lapamwamba. Nyumba yonse, ndi malo ake, ndi mitengo iwiri ya mango ya kuseri, zonse kwa mwana wawo wamwamuna Bhaskar. Dzina langa ndinalifunafuna mpaka tsamba lomaliza. Munalibe.

Alendo anamwa khofi wawo mothamanga, akupsa naye milomo, n'kutuluka.

"Musandiyang'ane choncho, achemwali," anatero Bhaskar ali pakhomo. "Wakuthamangitsani ndani? Ndi mapepala chabe awa."

Anawatsatira kugalimoto. Ndinatsala ndi bambo.

"Munkadziwa kuyambira kusitolo kuja?"

"Nyumba imakhala ya mwana wamwamuna, Anasuya. Iwe gawo lako unapita nalo ku ukwati."

"Zibangiri zinayi zagolide zija? Ndinazigulitsa inu muli m'chipatala. Mukudziwa zimenezo."

Bambo ankalimbana ndi chivindikiro cha cholembera, kuyesa kuchitseka.

"Bwanji simunandiuze, bambo?"

Anakweza maso. Munalibe manyazi m'menemo, munali kutopa chabe.

"Ndikanakuuza, ukanandigwira dzanja?"

Bambo anakhalanso ndi moyo zaka ziwiri, ndipo ndinawasamala mpaka tsiku lomaliza. Mwambo wa maliro utangotha, Bhaskar anagulitsa malowo kwa omanga nyumba zosanjikiza. Lero ndimakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, ine ndi makina anga osokera. Za zonsezo sindikumbuka zambiri. Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi masana a Loweruka lija.

Nthawi ya chakudya inakwana monga masiku onse. Ndinapakula mpunga, ndinathira chambiko, ndinabweretsa beseni ndi sopo. Zala zitatu za bambo zinali bii ndi inki, mpaka m'zikhadabo. Sanandiyang'ane. Anangotambasulira dzanjalo pamwamba pa beseni, chikhatho chili m'mwamba, n'kudikira.

Ndinaima pamenepo ndi jagi m'manja, mpunga ukuzizira. Dzanjalo linayamba kunjenjemera chifukwa cholema, koma sanalibweze.

Ndinagwada, ndinathira madzi, n'kuyamba kutsuka chala chimodzichimodzi.